Dzina latuluka ku yunivesite koma ku ngongole ayi: zimasokonekera pati?

Chaka chilichonse a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, akangotulutsa mayina a ana osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, kuno ku Salima kumamveka nthungululu. Mwana wa ku Thavite wapita ku Bunda, wa ku Chipoka wapita ku MUST ku Thyolo, wa ku Lifuwu wapita ku Zomba. Kenako pamadzatuluka mndandanda wachiwiri, wa amene apatsidwa ngongole ya fizi, ndipo m'makomo ena momwe munali nthungululu muja mumangoti zii. Zonena zake zimakhala zomwezomwezo: "Amapatsana okhaokha a m'tauni," kapena "Popanda wachibale kumeneko sizitheka."

Kuti ndalama sizikwanira onse ofunsira, zimenezo n'zoona, ndipo alipo ana ovutikadi amene amachita zonse molondola koma n'kusiyidwabe. Za iwowo tikamba kutsogoloku. Koma mwa ana amene ndawaona akutsalira, ambiri sanagwe chifukwa wina anawayesa olemera. Anagwa chifukwa fomu yawo sinanene zimene mudzi wonse ukudziwa. Amene akuwerenga fomu yanu ku Lilongwe sanapondeko kwanu. Sanaone denga likudontha, sakudziwa kuti amayi amagulitsa usipa wa pamulu pa Kamuzu Road, sakudziwa kuti abambo tinawaika chaka chomwe munkalemba mayeso a Sitandade 8. Iye akuona zomwe zili pa kompyuta basi. Pepala likasowa, kapena mapepala awiri akamatsutsana, kwa iye umphawi wanuwo sukuoneka.

Mukupempha chiyani kwenikweni

Bungwe lomwe anthu amangoti a Loans Board dzina lake lonse ndi Higher Education Students' Loans and Grants Board, mwachidule HESLGB, ndipo linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015. M'manja mwake muli zinthu ziwiri. China ndi thandizo losabweza, lomwe lamulolo linaikira ophunzira okhoza mopambana. China ndi ngongole ya ophunzira osowa, ndipo imeneyi ndi yomwe mwana wongosankhidwa kumene amafunsira. Makolo ambiri kumudzi amamva ngati boma lamutenga mwana kuti limuphunzitse ulere. Ayi ndithu. Idzabwezedwa mukamaliza sukulu, ndipo mukadzalembedwa ntchito, okulembaniwo ali ndi udindo wodula ku malipiro anu. Bungweli likulondolabe ngongole za anthu amene anaphunzira kuyambira 1985, ena mwa iwo pano ali ndi zidzukulu. Zimenezi muwauze makolo poyera musanawapatse cholembera.

Ngongoleyo ili ndi mbali ya fizi, yomwe imapita ku yunivesite inu osaigwira n'komwe, ndi mbali ya upkeep, yomwe imalowa mu akaunti yanu ya kubanki kuti mulipire nyumba ndi kudya. Kufunsira kumachitika pa intaneti, pa tsamba la bungweli lotchedwa SFMIS. Tsiku lotsegula, tsiku lotseka, ndalama yolipira pofunsira ndi mapepala ofunika, zonsezi zimalembedwa mu chilengezo cha chaka chimenecho. Werengani cha chaka chino, mpaka pansi. Zomwe anakuuzani achimwene amene anafunsira kale zikhoza kukhala zitasintha.

Munthu mmodzi, mayina atatu

Ili ndiye vuto lalikulu kuno kwathu, ndipo limayamba mwana asanadziwe n'komwe kuti kunja kuno kuli yunivesite. Tengani chiphaso cha unzika, setifiketi ya MSCE kapena pepala la zotsatira lochokera ku MANEB, ndi dzina lanu momwe latulukira pa mndandanda wa NCHE. Ziyaleni pamodzi, muwerenge chilembo ndi chilembo, kenako tsiku, mwezi ndi chaka chobadwa. Musangoyang'ana n'kunena kuti ndine ndemwe. Pemphaninso munthu wina awerenge mokweza, chifukwa diso la mwini limadumpha cholakwika pa dzina lake lomwe.

Kusiyana kumabwera m'njira zambiri. Kwina ndi kalembedwe chabe: Yusufu pa chiphaso, Yusuf ku MANEB, Usufu pa kalata ya amfumu. Kwina mwana pasukulu analembetsa ndi dzina la abambo, koma pojambulitsa chiphaso anatchula mfunda, Phiri kapena Banda. Kuno kwa chikamwini ukwati ukatha ana amakulira kuchikazi, ndipo sizachilendo kupeza mwana atalembetsedwa Sitandade 1 ndi dzina la amalume ake, atakula n'kubwerera ku dzina la abambo. Ndiye pali ija tonse timaidziwa koma sitikonda kuitchula: mwana wobwereza Sitandade 8 n'kusintha dzina kuti aoneke watsopano, mwinanso n'kudulako zaka ziwiri pa chaka chobadwa. Dzina lobwerekalo ndi lomwe linayenda naye mpaka Fomu 4. Atakwanitsa zaka 16 n'kupita kukajambulitsa chiphaso, anatchula lenileni la pakhomo.

Chimene chimapweteketsa n'chakuti maofesi atatu amagwira mapepala osiyana. Yunivesite imakulembani ndi dzina la pa setifiketi. Banki imatsegula akaunti ndi dzina la pa chiphaso. Ngongole ili pakati, ikuyenera kutsimikiza kuti amene ali m'kaundula wa sukulu ndi amene ali ndi akauntiyo ndi munthu mmodzi. Zikasemphana, fomu ikhoza kuikidwa pambali, kapena dzina kutuluka bwinobwino koma ndalama osafika.

Kusiyana kukakhala kwa chilembo chimodzi kapena dzina lapakati losowa, pitani ku khoti la majisitireti pa boma, kapena kwa loya amene ali Commissioner for Oaths, mukalumbire kalata yonena kuti mayina onsewo ndi a munthu mmodzi. Kalata imeneyi, afidaviti, muisunge bwino ndipo muzipita nayo kulikonse: ku banki, ku kalembera wa ku yunivesite, ku ngongole. Cholakwika chikakhala pa chiphaso penipeni, ndi nkhani ya ofesi ya NRB pa boma, yomwe imapereka ziphaso za unzika. Kumeneko ndi komwe amakonza, koma khadi latsopano silituluka tsiku lomwelo. Mwa maganizo anga, n'kwapafupi kukonza chiphaso kuti chigwirizane ndi setifiketi kusiyana ndi kulimbana ndi kusintha setifiketi, poti dzina la pa setifiketi ndi lomwe lidzalembedwenso pa digiri yanu.

Nthawi yochitira zimenezi ndi miyezi ija mwangomaliza mayeso a Fomu 4, mukungokhala pakhomo kudikira zotsatira. Mukadikira kuti dzina liyambe latuluka, mudzapezeka mukuthamanga ndi kabaza pakati pa khoti ndi ofesi ya a DC tsiku lotseka litayandikira, mwinanso m'dzinja Linthipe atadzaza. Kwa aphunzitsi a Fomu 4 ndingoti, pamene ana akusayina mndandanda wa mayina opita ku MANEB, auzeni abwere ndi ziphaso zawo ayerekeze pomwepo. Mphindi zochepa zimenezo zimapulumutsa miyezi.

Chimodzi chokha musayese: kufufuta ndi kulembapo, kapena kuuza wa pa kafe kuti akonze dzina pa kompyuta musanatumize. Kumeneko si kukonza, ndi kupeka chikalata, ndipo ndi mlandu.

Polemba pa fomu, dzina la banja lipite m'bokosi la dzina la banja. Zikuoneka zachibwana kunena, koma pasukulu tinazolowera kuitanidwa moyambira ku dzina la makolo, ndipo ana ambiri amatembenuza.

Umasiye wopanda pepala

Kumudzi munthu akamwalira timalira, timaika, timameta, basi. Za kalata ya imfa palibe amaziganizira, pokhapokha ngati malemuwo anali pa ntchito ya penshoni. Ndiye mwana akalemba pa fomu kuti makolo onse anamwalira koma osaikapo umboni, kwa wowerenga uja amenewo ndi mawu chabe, omwe aliyense angalembe.

Ngati anamwalirira kuchipatala, yambirani konko, chifukwa imfayo inalembedwa m'mabuku awo. Ngati anamwalirira pakhomo, njira imayambira kwa anyakwawa, kenako ku ofesi ya NRB komwe setifiketi ya imfa imatuluka. Kwa amfumu musapite nokha. Tengani amalume kapena aliyense amene ali mwini mbumba, iwo ndiwo akayambe: "Zikomo mfumu, tabwera ndi mdzukulu wanuyu, wasankhidwa kupita ku yunivesite, ndiye a boma akufuna umboni wa maliro a abambo ake aja." Mwana wobwera yekha ndi pepala m'manja nthawi zambiri amauzidwa kuti abwere mawa.

Kalata ya amfumu, ya abusa kapena ya ashehe ikhale ndi nyama. Zambiri zomwe ndimaziona zimangoti, "Mwanayu ndi wa m'mudzi mwanga, ndi wovutika, chonde muthandizeni." Makalata otero amafika mazanamazana, onse ofanana. Yothandiza ndi yomwe ikutchula dzina lonse la mwana monga lilili pa chiphaso, mudzi, gulupu ndi T/A, kaya ndi kwa Kalonga, kwa Khombedza, kwa Maganga kapena kwa Ndindi. Dzina la kholo lomwalira ndi chaka chomwe linamwalira. Amene akulera anawo pano, ntchito imene amagwira, ndi ana angati ali pakhomopo. Amene ankalipira fizi ya ku sekondale. Pansi pakhale tsiku, siginecha, chidindo chooneka, ndi nambala ya foni yomwe ikhoza kuyankhidwa wina akaimba. Amfumu ambiri sakana mukawafotokozera mwaulemu zomwe zikufunika, ena amachita kukuuzani kuti lembani ndidinde. Chidindo chikakhala chouma, kagulireni inki m'malo molola chithunzi chosawerengeka.

Palinso makolo amoyo koma osaoneka: abambo amene anapita ku Johannesburg mwana ali kumbuyo osatumizako ngakhale uthenga, kapena amene anakakwatira kwina n'kuiwala. Musawaphe pa fomu. Bodza lotero limaululika mosavuta, ndipo likaululika limagwetsa ndi zoona zomwe. Lembani kuti ali moyo koma sathandiza, ndipo pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma, a Social Welfare, akulembereni kalata. Ngati inu kapena kholo lanu muli ndi ulumali kapena matenda a mgonagona, kalata ya kuchipatala ipite nawo.

Pa funso la ndalama zomwe banja limapeza, ana a asodzi ndi alimi amasowa cholemba, chifukwa fomu imaganiza za munthu wolandira pa mwezi. Ena amangolemba ziro, ena amalemba zomwe abambo anapeza mwezi womwe usipa unagwa bwino. Zonse ziwiri n'zolakwika. Khalani pansi ndi makolo muwerengere chaka chathunthu: matumba angati a chimanga kapena mpunga anakololedwa, angati anagulitsidwa ndipo pa mtengo wanji, ganyu inabweretsa zingati. Msodzi wa ku Mbenje sapha nsomba kuyambira Disembala mpaka Epulo chilumba chikatsekedwa, ndiye miyezi imeneyo iwerengedwe momwe ilili. Zonse pamodzi muzigawe pa miyezi 12. Nambala yotero mukhoza kuiikira kumbuyo wina atakufunsani.

Munaphunzira pa sukulu yodula koma wolipira anali wina

Fomu imafunsa sukulu yomwe munaphunzira, ndipo wowerenga akaona ya pulaiveti amaganiza kuti pakhomo pali kanthu. Sitingamudzudzule. Koma alipo ana amene fizi yawo inkalipiridwa ndi mpingo, mzikiti, bungwe ngati CAMFED, bursary ya ku khonsolo, kapena munthu wakufuna kwabwino amene pano anasiya. Enanso anamaliza pa CDSS, n'kukabwereza chaka chimodzi pa pulaiveti kuti atsitse mapointi, banja litagulitsa mbuzi zonse. Mukangolemba sukulu yomalizayo n'kusiya, mwadziika nokha m'gulu la opeza bwino. Pemphani ahedi kalata yonena amene ankakulipirirani, kuyambira chaka chiti mpaka chiti, ndipo ngati kungatheke wolipirayo alembenso yake yonena kuti thandizo lake linathera pa Fomu 4. Ngakhale munali pa sukulu ya boma, kalata yonena kuti munali pa bursary kapena kuti munkabwezedwa chifukwa cha fizi ndi umboni wamphamvu kuposa mawu anu.

Nambala ya foni ndi imelo zikhale zanu

Zimachitika motere. Mwana wachokera ku Siyasiya, wafika pa kafe ina m'tauni tsiku lotseka litatsala pang'ono. Mzere wafika panja, kukutentha, wa pa kompyuta ali ndi anthu ambiri omudikira. Akufunsa, "Imelo uli nayo?" Mwana akuti ayi. Iye akutsegula yatsopano mwachangu, akuika pasiwedi ya m'mutu mwake, pa nambala ya foni akulemba yake chifukwa ya mwanayo yazima. Fomu yapita, mwana walipira, wakwera matola kubwerera. Pakutha miyezi, pakufunika kulowanso pa tsambalo. Mwana sakudziwa imelo, sakudziwa pasiwedi, uthenga wosinthira pasiwedi ukupita ku foni ya munthu amene sakumukumbukiranso. Wa pa kafeyo sanafune kumupweteka, anangofuna mzere uyende.

Tsegulani imelo yanu nokha musanapite, ngakhale pa foni yobwereka, ndipo nambala yobwezeretsera ikhale yanu. Imelo, pasiwedi yake, dzina lolowera pa SFMIS ndi pasiwedi ya kumeneko, zilembeni kumapeto kwa kope lomwe silichoka pakhomo, zilembo zazikulu ndi zazing'ono momwe zilili. Musanachoke pa kafe, tulukani pa tsambalo n'kulowanso nokha ndi zala zanu. Zikakanika muli pomwepo, zikonzedwa pomwepo.

Simukhadi ikhale yolembetsedwa ndi chiphaso chanu. Yolembetsedwa m'dzina la azakhali ikatayika, simungaibwezeretse popanda iwo, ndipo iwo mwina ali ku Dwangwa. Simukhadi yongokhala m'chikwama miyezi yambiri osagwira ntchito imatsekedwa, nambalayo n'kudzapatsidwa wina. Muziikamo mayunitsi apo ndi apo.

Zithunzi zosawerengeka, lisiti lofufutika, fomu yosatumizidwa

Foni ikhoza kugwira ntchito ya makina osikanira ngati mwajambula mosamala. Yalani pepala pa tebulo pakhonde m'mawa, pamthunzi wowala, osati padzuwa. Zimitsani fulashi, chifukwa khadi la unzika limanyezimira n'kuphimba nambala. Makona onse anayi aoneke, ndipo chiphaso mujambule kutsogolo ndi kumbuyo. Google Drive ili ndi posikanira pomwe pamatulutsa PDF yaing'ono bwino. Tsamba likakana fayilo, kawirikawiri chimakhala chimodzi mwa ziwiri, kukula kwake kapena mtundu wake, ndipo zonsezi zimalembedwa pafupi ndi pokwezerapo. Potumiza kwa wa pa kafe kudzera pa WhatsApp, tumizani ngati document, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi imachifinya mpaka chidindo osaoneka. Dzitumizireninso mafayilo onse pa imelo yanu. Chaka chamawa adzafunikanso.

Ndalama yofunsira ilipiridwe mwa njira yokhayo yomwe chilengezo chanena, ndi nambala yanu yomwe akuuzani kuti mulembe. Musaphatikize ya mnzanu pa lisiti limodzi pofuna kupulumutsa ya transipoti. Timapepala ta ku banki ndi ta maejenti sitichedwa kufufutika, makamaka m'thumba la malaya ndi kutentha kwa Salima kuno, ndiye lijambuleni musanatuluke pakhomo la banki.

Ndiye pali kusunga ndi kutumiza. Fomu ikhoza kukhala yodzaza bwinobwino, mafayilo onse alimo, koma ngati simunadine pomalizira potumiza, ili pa akaunti yanu chabe, kwa iwo sinafike. Werengani zomwe tsamba likunena mukamaliza, jambulani sikirini, musunge. Sabata yomaliza dziko lonse limakhala pa tsamba lomwelo, ndipo limalemera. Likamazungulira osatsegula, yesani usiku kwambiri kapena m'bandakucha, pomwenso mabandulo amatsika mtengo. Musatsegule akaunti yachiwiri poganiza kuti yoyamba yafa. Akaunti ziwiri za munthu mmodzi zimangowonjezera chisokonezo.

Dzina latuluka koma ndalama sizikufika

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Dzina likatuluka pa mndandanda pamatsala bonding, kusayina pangano la ngongole mkati mwa masiku omwe aperekedwa. Osapanga bonding, palibe chomwe chimalipiridwa. Apa ndi pomwe ana a kumudzi amapwetekeka kwambiri: amva kwa mnzawo kuti dzina lilipo, asangalala, abwerera kudimba, nthawi ya bonding n'kudutsa iwo osadziwa. Dzina likangotuluka, muzilowa pa akaunti yanu pafupipafupi, ndipo lowani m'gulu la WhatsApp la ophunzira a yunivesite yanu. Mphekesera zimachuluka m'menemo, koma za masiku otseka sizikudutsani.

Mwapanga bonding, anzanu alandira upkeep, inu ayi. Yambani ndi akaunti. Kodi ili m'dzina lanu, osati la amayi kapena achemwali? Kodi nambala yomwe munalemba ndi ya akaunti, osati yaitali ija ya pa khadi la ATM? Ambiri amasokoneza ziwirizi. Kodi akauntiyo ili moyo? Yomwe munatsegula kalekale n'kuisiya yopanda kanthu imagona, ndipo pamafunika kupita ku banki ndi chiphaso kukaidzutsa. Zonsezi zikakhala bwino, pitani ku ofesi yoona za ophunzira pa yunivesite panu muone ngati nambala yanu ya kalembera ndi kosi yanu zikufanana ndi zomwe zili ku ngongole. Musakwere basi ya ku Lilongwe musanachite zimenezi. Vuto nthawi zambiri limapezeka pafupi.

Kwa makolo: ngakhale zonse zitayenda bwino, upkeep safika tsiku lotsegulira sukulu. Malo ogona a pasukulu ndi ochepa, ma yearo (ophunzira a chaka choyamba) ambiri amakachita lendi kunja, ndipo eni nyumba amafuna zawo poyamba. Mwana asanyamuke chimanjamanja. Ya transipoti, ya lendi yoyambira ndi thumba la ufa zikhale zokonzeka, ngakhale zichokere pa mpunga womwe munasungira Khirisimasi.

Ma conti, ophunzira amene adutsa kale chaka choyamba, nawo asagone. Kulandira chaka choyamba sikutanthauza kuti zaka zonse zatheka. Chaka chilichonse chili ndi kufunsira kwake ndi bonding yake. Mukasintha kosi kapena kusamukira yunivesite ina, dziwitsani bungweli mwa kalata, apo ayi fizi yanu idzapita komwe inu kulibe.

Za makoleji omwe si a boma

Ngongoleyi si ya ana a UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST okha. Ophunzira a m'mayunivesite a mipingo ndi ena oyima paokha amafunsiranso, bola kosi yawo ikhale yovomerezedwa ndi NCHE. Samalani apa: sukulu kulembetsedwa ndi kwina, kosi kuvomerezedwa ndi kwinanso, ndipo sukulu imodzi ikhoza kukhala ndi makosi ena ovomerezedwa, ena ayi. NCHE imatulutsa mndandanda wake. Uoneni musanalipire fizi ya teremu yoyamba, musangokhulupirira chikwangwani kapena wolengeza pa wailesi. Dziwaninso kuti fizi ya kumeneko ndi yokwera, ndiye funsani msanga kuti ngongole ikalipira mbali yake, inu mudzatsala ndi zingati.

Akuti ali ndi munthu mkati

Nyengo ya mndandanda ikafika amatulukira pa Facebook ndi pa WhatsApp, ena amachita kuimba foni akutchula dzina lanu ndi yunivesite yanu. Musadabwe kuti akudziwani, mndandanda wa NCHE uli poyera, aliyense amauwerenga. Amati tumizani kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba dzina lilowe. Ndalama yokhayo yolipira ndi yomwe yalembedwa mu chilengezo, ndipo sipita ku nambala ya munthu. Pasiwedi yanunso musapatse aliyense, chifukwa wolowa mu akaunti yanu akhoza kusintha nambala ya ku banki.

Zonse munachita bwino koma dzina palibe

Choyamba lowani pa akaunti yanu muone ngati fomu inafikadi ndi zomwe alembapo. Fufuzani pa mndandanda ndi nambala ya kalembera, osati dzina lokha, poti likhoza kukhala litalembedwa mwina. Mwayi wodandaula ukatsegulidwa, musangobwereza kuti ndinu wovutika. Onjezerani chomwe chinasowa: setifiketi ya imfa yomwe yatuluka mochedwa, kalata ya ahedi, afidaviti, kapena umboni wa zomwe zasintha pakhomo chitumizireni fomu, monga imfa ya amene amakuthandizani kapena munda wokokoloka ndi madzi.

Kenako pitani nokha ku ofesi yoona za ophunzira pa yunivesite, mukalembetse dzina ngati wosowa. Makampani, mabanki, mipingo ndi magulu a ophunzira akale akafuna kuthandiza, kawirikawiri amafunsa mayina ku ofesi imeneyi, ndipo amene sanadzionetse sakumbukiridwa. Kuno kumudzi lemberani khonsolo kudzera kwa akhansala kapena a komiti ya chitukuko, ngakhale muyenera kudziwa kuti ma bursary a ku khonsolo ndi a CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu, m'mbuyomu ankayang'ana kwambiri ana a sekondale. Ku mpingo ndi ku mzikiti pitani ndi kalata yokuitanani ku yunivesite ndi pepala la fizi, mupemphe chinthu chodziwika, monga lendi ya semesita imodzi. Anthu amathandiza mosavuta akamva nambala kusiyana ndi akamva kuti "chilichonse chomwe mungathe". Amene akufuna njira ina yophunzirira ntchito asaiwale kuti Salima Technical College ili pa Senga Bay pompa, ndipo olowa kudzera ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, amalipira fizi yotsika poyerekeza ndi ya ku yunivesite.

Zikakanika zonse chaka chino, cholakwika chachikulu ndi kungokhala pakhomo osanena kanthu, chifukwa yunivesite imakuwerengani ngati mwakana malo. Lemberani a Registrar kalata yopempha kusungitsa malo pa chifukwa cha ndalama. Mutchule dzina monga lilili pa mndandanda, nambala ya kalembera ngati munapatsidwa, kosi, chaka chomwe munasankhidwa ndi chaka chomwe mukufuna kudzayamba, ndipo muphatikizepo umboni woti munafunsira ngongole. Itumizeni nthawi ya kalembera isanathe. Mukakapereka pamanja, tengani makope awiri, imodzi akudindireni tsiku lomwe ailandira mubwerere nayo. Yankho lawo likhale lolembedwa, osati la pakamwa, ndipo kufunsira ngongole kukadzatsegulidwanso mudzaliike pamodzi ndi mapepala ena aja.